Nkhondo ya Zipolopolo Zazifupi ku Amaveni

Tcherani khutu, inu ana a Amaveni, inu amene agogo anu anatsika sitima ndi bulangete limodzi paphewa n'kukamezedwa ndi migodi ya Kwekwe. Tcherani khutu ndikusimbireni za masiku aakulu aja, pamene magetsi ankabwera ngati mlamu wokwiya, osanena tsiku lofika kapena lochoka, pamene anyamata ofuna golide anaboola dziko la Connemara ngati mfuko, ndipo aliyense wokhala ndi foni m'thumba anasanduka dokotala, loya ndi kazembe wa nkhondo nthawi imodzi. M'masiku amenewo munabuka nkhondo imene inang'amba mzere wathunthu wa nyumba pakati, inaumitsa moni pakhomo la mzikiti, ndipo inatsala pang'ono kugwetsa ukwati wa mtsikana wosalakwa. Inali nkhondo ya mfuti. Koma ndinene pano pomwe kuti mwa akazembe awiri amene anaimenya, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mfuti.

Woyamba anali Che Iddi, Wowerenga Fumbi, Mphuno Yosaphonya, Amene Njati Inawayang'ana N'kusintha Maganizo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anagwira ntchito yolonda mapazi a nyama pa famu ina ya alenje cha ku Lower Gweru, ndipo m'zaka zonsezo anasenza mfuti za anthu ena, anazipukuta, anazidziwa mayina ndi makhalidwe ngati ana a mnansi, koma sanakhethemuleko ngakhale imodzi. Chida chawo chinali mpeni wopinda. Mlenje akawombera, nyama n'kugwa, Che Iddi ankathamanga ngati atsikana a mpikisano kukaipeza ikadali kupuma, n'kuizinga pakhosi akutchula dzina la Mulungu, kuti antchito achisilamu pa famupo adyeko ndi mtima woyera. Bisimila wawo ankakhala pa mpeni monga dzimbiri likhalira pa khasu, ndipo mfundo imeneyi muisunge bwino, poti tidzaifuna kutsogoloku.

Wachiwiri anali Che Ahmadi, Mng'amba Thanthwe, Bingu la Pansi pa Nthaka, amene anaphulitsa miyala m'migodi ya golide mpaka khutu lakumanzere linafera komweko, lakumanja nalo n'kupuma pa ntchito. Ankamva zimene afuna, nthawi imene afuna, ndipo ankayankha zonse mofuula.

Amuna awiriwa anali pa chibale chokoma. Fadhila, mwana womaliza wa Che Iddi, anali kukwatiwa ndi Yasin, wowotcherera zitsulo, mwana wa Che Ahmadi, ndipo tsiku linali litaikidwa kale, Loweruka lachitatu la mwezi wa Ogasiti. Azibambo awiriwo ankaitanana "asewere" m'mawa, "asewere" masana, mpaka anthu kutopa nako. Satana atayang'ana mtendere umenewu unamuwawa, ndiye anaubweretsera mphatso.

Mayi Runyararo, mwini wa famu ija masiku ano, amenenso ali ndi chiphaso cha ulenje, anafika ku Amaveni pa galimoto yawo yafumbi nati, "Sekuru Iddi, mwatisenzera mfuti zaka zonsezi. Pa ukwati wa mwana ndikupatsani ngoma imodzi yamphongo, ndipo muiwombera nokha, ine nditaima kumbuyo kwanu. M'kabati muli mfuti ziwiri za zipolopolo zazifupi, zimene timati shoti maginamu, ya 270 ndi ya 300. Sarudzai, musankhe nokha." Anasiya pa tebulo zigoba ziwiri zowombedwa kale, zazifupi, zonenepa, za mapewa otambalala, zofanana ngati mapasa kupatula pakamwa pokha, poti cha 300 chinali chokulirapo kukhosi.

Che Iddi anatola zigobazo n'kuzitembenuzatembenuza. Kunena zoona mkuluyu anakondwa mpaka misozi, chifukwa palibe chimene anachilakalaka m'moyo wake ngati kuwombera kamodzi kokha. Lachisanu lomwelo, ataima pakhomo la mzikiti nsapato imodzi ili m'manja, analumbira pamaso pa khamu lonse kuti alendo a mwana wawo sadzadya mbuzi kapena nkhuku ngati anthu wamba, koma ngoma yogwetsedwa ndi dzanja la bambo wa mkwatibwi.

Nkhondo inayambira pa bawo, pansi pa mtengo wa mango wa kwa Che Ahmadi, pamene Wowerenga Fumbi anaimika zigoba ziwiri zija pakati pa nkhomo n'kuloza chachikulu.

"Asewere," anatero, atadzuka kuti mawu atuluke bwino, "ine ndasankha 300. Ndalondola magazi a nyama zovulala kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa, minga ikundisenda, chifukwa cha alendo okonda tizipolopolo topepuka. Ngoma si gwape. Ili ndi fupa paphewa, ili ndi mtima wouma, ndipo ikalowa m'tchire la minga ili ndi bala, mudzaipeza mawa afisi atadyako gawo lawo. Chipolopolo cha 300 n'cholemera, chimaswa fupa n'kupitirira. Nyama imagwa pomwepo, osaponyanso mwendo!"

Che Ahmadi anatembenuza khutu lopuma pa ntchito lija, namva zokwanira kuti akwiye. "Ikona, asewere, ayi ndithu!" anabangula. "Ine onga ndadya nawo zaka makumi atatu. Wophulitsa wopusa ndi amene amathira wambiri, thanthwe n'kusanduka ufa, golide n'kumwazika. Wanzeru amathira wokwanira. Yasin wandionetsa pa foni: 270 imathamanga mowongoka ngati chingwe, simenya theche paphewa, ndipo ngoma imaigwetsa bwinobwino. 300 yanuyo idzasandutsa phewa lonse la nyama kukhala phala la magazi, alendo anga adye chiyani? Komanso phewa lanu, mudhara! Mafupa a zaka makumi asanu ndi awiri! Mukufuna kukapereka mwana dzanja lili m'nsalu?"

"Mwaionapo ngoma inu?"

"Mwawomberapo mfuti inu?"

Pamenepo mphepo inaima. Nkhuku imene inkapalasa pafupi inasiya mwendo m'mwamba. Funso limenelo linalasa pamene palibe chipolopolo chikadafika, ndipo Che Iddi anatola chigoba chawo, navala chipewa, nanena mawu amene Amaveni sanawaiwale mpaka lero: "Tsalani bwino, Che Ahmadi." Osati asewere. Che Ahmadi basi, ngati munthu wokumana naye pa siteji ya kombi.

Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pasanathe masiku atatu mzere wonse unali utasankha tambala wake. Ometa tsitsi anali a 300, poti ankati dzinalo limamveka mwaulemu. Amayi ogulitsa tomato anali a 270, poti nkhani ya phewa lowonongeka inawakhudza. Manson, mnansi wa Che Iddi, mkulu wa mpingo amene chida choopsa chimene anagwirapo ndi legeni, anasintha mbali katatu pa sabata imodzi. Ankhoswe amene anayenera kukambirana za matenti ndi mpunga anasanduka akazitape, kuyenda uku ndi uku atanyamula mauthenga a kulemera kwa zipolopolo. Ndipo pa tsiku lachisanu ndi chiwiri la nkhondo, Mng'amba Thanthwe anatumiza mawu oopsa, akuti ngati uphungu wa kuchimuna uponderezedwa chotere ukwati usanachitike, ndiye abale awo adzabwera atadyeratu kwawo. Aliyense wodziwa mwambo anadziwa tanthauzo lake: ukwati umene akuchimuna akana mbale ndi ukwati wolowa m'nyumba ndi mwendo wothyoka.

Fadhila anawapeza bambo ake akupukuta chigoba chija ndi mpango. "Baba," anatero, "ngoma yacho ikudziwa kuti mukuimenyanirana? Ine ndingofuna kukwatiwa basi. Kana ndi matemba, ndidya."

"Mwana wanga, izi ndi za amuna."

"Ndiye amunawo akwatirane okha," anayankha Mayi Rahima, akazi a Che Iddi, ali kukhitchini. Mayiwa sankalowa nkhondo ndi mawu ambiri, koma akaponya limodzi linkatera.

Tsiku la nkhondo yeniyeni linafika, Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike. Che Ahmadi anaumirira kupita nawo ku ulenjeko monga mboni ya kuchimuna, atavala chisoti chawo chakale cha mu mgodi, ndipo akazembe awiriwo anakhala kumbuyo kwa galimoto ya Mayi Runyararo kuchokera ku Kwekwe mpaka ku famu, mawondo akugundana pa bampu iliyonse, maso aliyense kumbali yake. Pa famupo mayiwo anatulutsa mfuti ziwiri nati, "Ine zanu za ku Amaveni handinei nazo, sizindikhudza. Zonse ziwiri zimapha ngoma mukalasa pabwino. Wowombera ndiye asankhe." Wowerenga Fumbi anatambasula dzanja monga mfumu ilandira ndodo yake, natenga ya 300. Anayesera kawiri pa chikatoni, phewa linalandira theche lake, ndipo anameza ululu osaphethira chifukwa mdani anali kuyang'ana.

Dzuwa lisanakwere anali atapeza mapazi. Apa ndiye panalibe wotsutsa: mkuluyu ankawerenga nthaka ngati kalata yochokera kumudzi. Anawatsogolera kudutsa mitengo ya masamba ofiira, kutsika kamtsinje kouma, mpaka anaima n'kukweza chala. Kutsidya, pamtunda wa mabwalo awiri a mpira osakwana, panaima ngoma yamphongo, nyanga zopota katatu, mizere yoyera m'nthiti, ikubudula masamba mosadziwa kuti ili ndi mbiri ku Amaveni.

Mayi Runyararo anaimika timitengo totsamirapo mfuti. Che Iddi anaika tsaya pa mtengo wa mfutiyo, diso pa galasi. Ndiye Che Ahmadi, amene kunong'ona kwawo kumamveka kutsidya la msewu, anawerama nati, "Basopa phewa, mudhara. Nthawi yosintha ikadalipo." Atatero anatseka makutu onse awiri ndi zala, lakufa ndi lamoyo lomwe.

Magazi anawira m'mutu mwa Wowerenga Fumbi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi za kusenza mfuti za eni, funso lija la pa bawo, zonse zinasonkhana pa chala chimodzi, ndipo pokhethemula anatulutsa mawu kudzera m'mano: "Penyani, munthu wa mu mgodi!"

Phuu! Mapiri anayankha, mbalame zinasamuka, ndipo ngoma inagwa pomwe inaima ngati thumba la simenti.

Che Iddi anapereka mfuti osayang'ana, natulutsa mpeni wopinda, nathamanga monga ankachitira masiku onse, Bisimila ali wokonzeka kunsonga kwa lilime. Anafika, nagwada, nagwira khosi. Ngoma inali itapita. Diso linali gwa, mwendo osaponya, mpweya kulibe. Chipolopolo cha 300 chinachita ndendende zimene mwini wake analonjeza pansi pa mango.

Apo ndi pamene anakumbukira. Mwana aliyense wa madrasa amadziwa kuti mlenje wachisilamu amatchula dzina la Mulungu potulutsa chipolopolo, chifukwa nyama ikafa nacho, chipolopolocho ndiye mpeni wake. Koma iwo moyo wawo wonse anali munthu wa mpeni, ndipo dzina lija analisungira mpeni. Pa chipolopolo anatchulapo Che Ahmadi.

Anayang'ana kumbuyo. Mayi Runyararo, Mkhristu, ankawomba m'manja osadziwa kuti pasowa kanthu. Che Ahmadi anali kubwera akupunthwa, zala zitangochoka kumene m'makutu. Pansi pa thambo lonse la Lower Gweru panalibe munthu wina amene anadziwa.

Mng'amba Thanthwe anazungulira nyamayo kawiri, naona kabala koyera kuseri kwa phewa, nyama yosawonongeka, navula chisoti. "Ndagonja!" analengeza, mpaka nkhanga zinathawa. "Lembani, inu mitengo! 300 yagwetsa, ndipo Iddi mwana wa Saidi ndi mlenje!" Mawu amene Che Iddi anawadikira masiku khumi ndi awiri anafika, koma anawawa ngati mankhwala a malungo.

Ulendo wobwerera unali wa chigonjetso. Analowa mu Amaveni dzuwa likupendeka, nyanga zitamangidwa pamwamba pa galimoto, nthungululu zikuchokera kwa a 300 ndi a 270 omwe, poti pamaso pa nyama zipani zimatha. Ngwazi yokha ndiyo inatsika galimoto ngati yobwera ku maliro. Mumtima mwake munali ngati anthu awiri akukangana. Wina ankati, khala chete, wamva ndani? Lumbiro lako lakwanira, mdani wagwada, mwana akwatiwa mwaulemu. Wina ankangofunsa funso limodzi: anthu mazana awiri adzatambasula manja pa mbale akukhulupirira iwe, udzawayang'ana bwanji?

Pabwalo la nyumba amayi anali atayala malata ndi mabeseni. Fadhila anabwera, nagwada, napereka mpeni waukulu ndi manja awiri. "Baba, ndinalankhula mwano tsiku lija. Maita basa, mwagwira ntchito. Yambani ndinu kudula."

Che Iddi anayang'ana mpeniwo, nayang'ana mwana wawo, ndipo ngwazi ya ku Lower Gweru inalira pamaso pa mzere wonse.

"Sindinatchule," anatero.

"Ati chiyani?" anafuula Che Ahmadi.

"SINDINATCHULE BISIMILA! Powombera ndinatchula inuyo! Ndipo ndinaipeza itafa kale!"

Nthungululu zinazima ngati magetsi aja. Anthu anathamangira kukaitana shehe, mnyamata wofatsa wa magalasi, amene anamvetsera zonse akuluma mlomo kuti asaseke. Anafotokoza kuti akuluakulu a mabuku amasiyana pa nkhaniyi, ena amati woiwala wakhululukidwa ndipo nyama idyedwe, ena amalimbitsa, makamaka pa ulenje. Akadapitiriza, koma Mayi Rahima anavundikira beseni lawo.

"Shehe, pepani. Mu poto wa ukwati wa mwana wanga simulowa nyama yoti mpaka mutsegule mabuku. Theka la alendo lidzadya, theka lidzakankhira pambali n'kumanong'ona zaka khumi. Ipite kwa anansi."

Ndipo inapitadi. Lachisanu lonse utsi wa ngoma unakwera kuchokera kwa Manson, kwa Mayi Idesi ogulitsa tomato, ndi m'nyumba zonse zachikhristu za mzerewo, pamene kwa mwini nyama kunali mpunga matumba anayi opanda ndiwo. Che Iddi anakhala pakhonde mutu uli m'manja, kudikira uthenga wa kuchimuna woti ukwati wa mpunga woyera akadye okha.

M'malo mwa uthenga kunabwera mwini wake, chisoti chili kumutu, naima pakati pa msewu pamene aliyense angamve, ngakhale kuti akadaima ku Gweru akadamvekabe.

"Anthu a Amaveni! Ine makutu ndinatseka. Mayi aja sakadadziwa. Munthu uyu akadakhala chete, mawa tonse tikadanyambita zala n'kumutcha mfumu ya alenje. Wabweza ngoma yathunthu ndi ulemu wake womwe chifukwa cha mawu amene palibe anawamva. M'mgodi munthu wotere ndi amene umamupatsa chingwe chako. Mwana wanga akwatira m'nyumba imeneyi ngakhale ndiwo zikhale mchere! Komanso amene anamusokosera pa khutu ndine." Anapuma pang'ono, poti chilungamo chili ndi malire. "Ngakhale 270 ikadamusiyira kampweya koti azingepo."

"Ikadathawa nayo mpaka ku Shurugwi," anayankha Che Iddi, akupukuta maso.

Loweruka kutacha kunamveka phokoso kumapeto kwa mzere, ngati gulu la nkhondo likubwera ndi malipenga osweka. Anali Manson patsogolo, atakoka mbuzi ziwiri, kumbuyo kwake Mayi Idesi ndi mzere wa anansi, aliyense nkhuku yamoyo kukhwapa, ena ziwiri. "Achimwene," anatero Manson, milomo ikadali kunyezimira mafuta a dzulo, "ife tadya zanu. Izi tabweretsa zamoyo dala, muzinge nokha mwa chikwanu. Koma chonde, muzitchula."

Pangano la mtendere linasindikizidwa kuseri kwa nyumba, pa chitsa cha mango, ndipo mfundo zake zinali ziwiri: yoyamba, kuti 300 ndi 270 zonse ndi zipolopolo zaulemu ndipo ngoma sinafunsidwe maganizo, yachiwiri, kuti pa chiweto chilichonse Mng'amba Thanthwe adzaima ngati mboni. Fadhila anatenga zigoba ziwiri zija n'kuziimika pamwamba pa keke, nati zikufanana ndi azibambo awiriwo, zazifupi, zonenepa, zopanda kanthu m'kati koma phokoso lakale.

Motero Wowerenga Fumbi, amene analumbira kuti alendo awo sadzadya nkhuku, anapinda malaya natsegula mpeni wawo wakale. Che Ahmadi ankagwira mapiko, dzanja lina kukhutu.

"Bisimila, Allahu akibaru!"

"Sindinamve! Bwerezani!"

"BISIMILA!"

"Mushe, zatheka. Ina!"

Anazinga mbuzi, anazinga atambala, anazinga nkhuku za mazira zopuma pa ntchito, nthenga zikuuluka ngati dzombe, amayi akulandira ndi madzi otentha, mpaka pofika pa nkhuku yomaliza, kathazi kofiira ka Mayi Idesi, mawu a Che Iddi anali atatheratu. Anatsegula pakamwa, ndipo dzina la Mulungu linatuluka ngati kamphepo, moti ngakhale nkhukuyo iyenera kuti sinalimve. Anayang'ana mboni yawo mwamantha, kudikira kubangula.

Che Ahmadi, amene sanamvepo kunong'ona chichokereni mu mgodi, anawagwira paphewa lotupa lija pang'onopang'ono.

"Ndamva, asewere," anatero. "Zingani."